Nsanamira ya Malemu Apongozi Anga

Amuna anga a Aulis Tervo ali ndi zaka 71, ndipo ine Raili ndakhala nawo zaka 46 mwa zimenezo. Pa nthawi yonseyi ndawamvapo akuimba mlandu nyundo, thabwa, nyengo, boma ndi galu, koma mawu akuti "ndalakwitsa" sanatulukepo pakamwa pawo. Mwina n'chifukwa chakuti pakamwapo sipatuluka mawu ambiri n'komwe. Tsiku limene anandifunsira banja tinakhala pa benchi kuseri kwa holo yovinira, udzudzu ukutidya. Anakhala duu mpaka ndinayesa kuti agona, kenako anati, "Kwathu kuli chipinda chopanda munthu." Ndinavomera pomwepo. Ndikanati ndidikire chiganizo chachiwiri ndikanakalambira pa benchipo.

Anabadwira m'nyumba yomwe tikukhalayi, kumathero a msewu wa miyala kumene ngakhale basi inatopa nako kufika. Zaka 38 anazithera pa fakitale yocheka matabwa, akukonza makina, mpaka fakitaleyo inatsekedwa iwo n'kupuma ntchito. Ndi mmisiri, zimenezo sindingawalande. Chitsulo chikafika m'manja mwawo chimamvera. Vuto ndi lakuti mutu wawo nawonso ndi wachitsulo, ndipo mmisiri woukonza sanabadwe.

Amapembedza zinthu ziwiri, ndipo abusa athu akudziwa kuti tchalitchi sichili m'gulumo. Choyamba ndi ulenje wa hirvi, chinyama chachikulu cha m'nkhalango zathu chimene Mulungu anachipanga ndi zotsalira atatopa kale: miyendo italiitali, mlomo wolendewera, nyanga ngati mafosholo. Okutobala akangolowa, amuna khumi ndi anayi a m'mudzi muno amavala zipewa zofiira n'kukabalalika m'nkhalango, aliyense pa chitsa chake, kuzizidwa tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Kwa iwo amenewo ndiye macheza. A Aulis analowa m'gululi ali ndi zaka 18 ndipo sanajombepo, ngakhale chaka chimene mwana wathu Tuula anabadwa pakati pa Okutobala. Anadzamuona patatha masiku atatu, akununkha utsi, n'kunena kuti, "Ndi wonenepa bwino," ngati akuyamikira nyama.

Gululi lili ndi mwambo wake. Kuti munthu aloledwe kuwombera hirvi, pakatha zaka zitatu zilizonse amayenera kukhoza mayeso: zipolopolo zinayi m'nthawi yoyezedwa ndi wotchi, zonse zilowe m'kabwalo kojambulidwa pamtima pa hirvi wa pepala. Limenelo ndi lamulo. Chimene amuna athu anawonjezerapo ndi ketulo. Amene walephera mayeso mpaka nyengo ya ulenje kuyamba samuthamangitsa ayi, anthu ake ndi achifundo. Amamupatsa ketulo ya gulu, yakuda bii, kuti azitsala pamoto kuphika khofi ndi kuwotcha masoseji pamene anzake ali m'nkhalango, ndipo kuyambira tsikulo amamuitana kuti Azakhali. Chiyambire gululi palibe amene anagwira ketulo n'kudzagwiranso mfuti. A Reino anaigwira zaka ziwiri n'kumwalira. A Onni anaigwira zaka zitatu, akufota ife tikuona, ndipo chaka chimene ndikunenachi tinawaika m'manda mu Epulo. Ketulo inabwerera pamsomali m'kanyumba ka alenje, kudikira mwini wake watsopano.

Chachiwiri chimene amuna anga amapembedza ndi nsanamira ya chitseko cha shedi, ya kumanzere ukamatuluka. Shediyo anamanga ndi bambo awo, malemu a Vihtori, mu 1952, atabwera kunkhondo ndi khutu limodzi logontha ndi mtima wapachala. Apongozi angawo ndinawapeza, ndipo ndikamati a Aulis sayankhula, dziwani kuti pafupi ndi bambo awo anali wailesi. Mdalayo sanayamikirepo mwana wake. Akalakwa ankamuimika msana uli pa nsanamira n'kumuuza kuti, "Ima ngati iyi. Padziko pano zonse zimakhota, koma iyi ayi." Ndi mawu okhawo ataliatali amene a Aulis anatsala nawo a bambo awo, ndiye anawasunga monga ena amasungira wotchi ya malemu.

Chifukwa cha mawu amenewo, chilichonse choima pakhomo pano chimayezedwa ndi nsanamirayo: mtengo wa mbendera, mizati yoyanikira zovala, kanyumba ka mbalame. Iwo amaima mkati mwa shedi, chitseko chili chotsekula, n'kutsinzina diso limodzi, ine ndili panja ndakumbatira mzati. "Kumanja. Pang'ono. Basi." Alendo akafika kwathu amapendeketsa mutu osadziwa chifukwa chake. Mlamu wanga wina anafunsapo ngati kuno kumawomba mphepo yambiri.

Ine ndinadziwa kalekale, pakuti nyumba amaidziwa ndi wosesa. Botolo likagwa m'shedimo limagubuduka lokha kupita pakona imodzimodzi, ngati lili ndi abale kumeneko. Chaka chilichonse chisanu chikasungunuka chitseko chimakhula pansi, a Aulis n'kuchipala, akunyinyirika za chinyezi. Achipala chitsekocho mpaka mphaka amadutsa pansi pake osawerama. Koma m'banja muli zina zimene umangoziyang'ana, ndipo nsanamira yopendama sinkandidyera chakudya changa.

Mfuti yawo nayonso inali ya a Vihtori. Paipi yake inali itatha mkati, moti chipolopolo chilichonse chinkatuluka ndi maganizo akeake, ndipo chiphaso cha mayeso chinali pafupi kutha. Munthu wanzeru akanapita m'tauni kukagula mfuti yatsopano yokhala ndi galasi pamwamba, monga anachitira anzawo onse. A Aulis anakatenga chilolezo kupolisi n'kuitanitsa paipi yokha, kuti aiike okha pa thupi la mfuti ya bambo awo. Inafika mu Novembala m'katoni yaitali. Anaitsitsa m'galimoto ndi manja awiri, akuyenda monyang'ama pa ayezi. Tuula ali khanda sanamunyamulepo choncho.

Nyengo yonse yachisanu anaithera m'shedi. Paipi imalowa m'thupi la mfuti ndi mazinga, monga chitsekerero cha botolo, ndipo mazingawo anawasema okha pa makina awo, kuchotsa chitsulo chochepa kuposa tsitsi, kuyeza, kupukuta, kumwa khofi, kuyezanso. Chovuta chenicheni chinali ichi. Kumphuno kwa paipi kuli kachitsulo kolozera kamene timakatcha kanjere, ndipo paipiyo inabwera kanjereko katamatidwa kale. Kumbuyo, pa thupi la mfuti, kuli kampata koyang'anira, kachikale, kosasuntha. Mlenje amaika kanjere pakati pa kampata n'kuwomba. Ndiye paipi ikamangidwa mpaka kulimba, kanjere kayenera kuima pamwamba penipeni, njo! Kakapendekera kumanja ngakhale pang'ono, chipolopolo chimapita kumanzere. Ine sindinapemphe kudziwa zimenezi, koma pa zaka 46 ndi nkhani yokhayi imene anandifotokozera kawiri.

Tsiku lomanga linafika mu Malichi. Ndinali kukanda buledi pamene anaima pakhomo la khitchini, chipewa chili kumutu.

"Raili. Manja."

Kumeneko ndiye kupempha kwawo. Ndinapukuta ufa n'kuwatsatira. Thupi la mfuti anali atalipana pa vaisi, chopanira zitsulo, n'kuikapo levulo yoyezera kuwongoka, kadontho kake kali pakatikati. Paipi inaloza kukhomo, chitseko chili chotsekula, kunja kuli mbee ndi chipale chofewa. Anandipatsa chisipanala chachikulu chokulungidwa chikopa kukamwa kwake, iwo n'kukawerama kumbuyo kwa mfuti, diso limodzi lotsinzina, kuyerekeza kanjere ndi nsanamira.

"Koka. Pang'onopang'ono, si mwendo wa nkhuku umenewo."

"Ndikukoka, abambo inu. Mukufuna ndithyoke msana chifukwa cha kapaipi?"

"Pang'ono. Pang'ononso. Basi! Siya pomwepo."

Ndinapita kumbuyo kukasuzumira nanenso. Zoonadi, kanjere kanali ndendende ndi nsanamira, kupendama kwake kofanana.

"Levulo ija bwanji osaiikanso kumphunoku, tingoona?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Levulo anapanga ndi munthu wosamudziwa, ku fakitale, mwinanso Lolemba ali ndi matsire. Nsanamira anaimika ndi bambo."

"Nanga thupilo mwaliyeza ndi chiyani? Si levulo yomweyo ya matsireyo?"

"Buledi wako akukudikira, mayi."

Mfutiyo anaitumiza kwa oyesa mfuti monga lamulo limanenera, ndipo inabwera ndi chidindo chakuti siphulika. Iwo aja amayesa kulimba, za kulunjika n'zako. Ndinawauza kuti akaiyese kudzenje la mchenga mayeso asanafike. Anakawombera kawiri chitsa chimene chinali pafupi ngati pano ndi pachitsimepo, n'kubwerako akuti zili bwino. Pamtunda umenewo ngakhale ine ndikhoza kuchilasa chitsa ndi mbatatesi.

Mayeso oyamba anali Loweruka lina mu Ogasiti, ndipo ndinapita nawo chifukwa inali nthawi yanga yopititsa mabanzi. Woyang'anira mayeso kwathu kuno ndi a Taisto Pyykkönen, amene anakhala desiki imodzi ndi a Aulis kusukulu, ndipo kuyambira pamenepo akhala akupikisana pa chilichonse, ngakhale kutalika kwa mulu wa nkhuni. Anali dalaivala wa basi, ndipo Mulungu anawapatsa mawu onse amene anamana mudzi wathu.

"Eee, taonani amwene abwera ndi chuma cha makolo!" anakuwa titangotsika m'galimoto. "Aulis, imeneyo ndi mfuti kapena mwendo wa tebulo? Anzanga, tasunthani, ingatiphulikire, ine mano angawa ndangoikitsa kumene."

"Yambitsa wotchi," a Aulis anatero.

Anakhala pansi, kutsamiritsa mfuti, n'kuwomba kanayi mosapupuluma. Tinapita tonse kukaona. Mabowo anayiwo anali pamodzi, moti pansi pa kapu pakanawaphimba onse. Koma onse anali kumanzere, kunja kwa kabwalo, m'mimba mwa hirvi. Kwa mlenje palibe manyazi oposa amenewo.

"Ambuye wanga, m'mimba zonse zinayi!" a Taisto anagwira m'chiuno. "Aulis, ife timafuna nyama, osati kutsuka matumbo tsiku lonse. Chinyamachi chakulakwira chiyani kuti uchiwombere pa chakudya chake cha m'mawa?"

Amuna anaseka, kuseka kwa kuno, kumene kumamveka ngati kutsokomola. A Aulis anayesanso kachiwiri, ndipo zinayi zina zinakalowa pomwepo pamimba. Pamenepo a Taisto anasiya nthabwala n'kuwakokera pambali. Ndinali pafupi ndi mabanzi anga, ndipo makutu anga ndi abwino.

"Mdala, tamvera. Wakhungu saika zinayi pamalo amodzi. Dzanja lako lili bwinobwino. Ndi kanjere kakoko kapendama, ndikukaona ndili pano."

"Mfuti ndi yowongoka."

"Unayeza ndi chiyani?"

"Ndati ndi yowongoka."

"Ndiye chakhota n'chiyani? Hirvi?"

"Diso," a Aulis anatero, akuloza kumaso kwawo.

A Taisto anapukusa mutu. "Chabwino, Azakhali. Mayeso omaliza ndi Loweruka lomaliza la Seputembala. Ukakanika, khofi wanga ndimamufuna wakuda, wopanda shuga."

Lolemba lake a Aulis anandiuza kuti ndiwaperekeze m'tauni kwa dokotala wa maso. Amuna angawa ndi anthu amene atadzicheka chala ndi sowo anachimanga ndi tepi ya magetsi n'kupitiriza ntchito, lero akupita okha kuchipatala kukapempha matenda. Dokotalayo, mayi wodekha bwino, anawauza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Anawerenga zonse mpaka pansi, kuphatikizapo dzina la kampani yosindikiza pepalalo. "Bambo, maso awa ndi a mnyamata," dokotala anatero. Tili m'galimoto, titadutsa kale mlatho, ndi pamene a Aulis anati, "Dokotala uja saona bwino."

Kumayambiriro kwa Seputembala anapitanso kumayeso okha, ndipo hirvi analasidwanso m'mimba. Pobwera ndinawaona akutsitsa chinthu chakuda m'galimoto. Inali ketulo. Palibe anawapatsa, anakaichotsa okha pamsomali. Anakhala pa chitsa pafupi ndi chitsime n'kuyamba kuikwecha ndi mchenga.

Apa ndiye nthabwala zinandithera. Ndinaima pawindo ndikuwayang'ana, msana utapindika, mutu uli zyoli, ndipo amene ndinkamuona anali a Onni. Ndinachita mantha, kenako ndinapsa mtima. Munthu ameneyu ndi wovuta, amasiya zitsulo pa tebulo lodyera, sananenepo kuti chakudya chakoma, koma ndi wanga, ndipo sindinakonzeke kumamwa khofi ndekha m'mawa. Anali atasankha kudzitcha wakhungu, kuitanidwa Azakhali, kufota n'kutsatira anzawo kumanda, kusiyana ndi kuvomera kuti mtengo umene bambo awo anaimika wapendama.

Ndinayesa njira ya pakamwa, pa chakudya chamasana.

"Inu, nsanamira ija ya shedi..."

"Raili."

Liwu limodzi lokhalo, ndipo nkhani inatsekedwa. Ndinayesanso mawa lake, mkuja wakenso, mpaka anayamba kukadyera panja. Paja amati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo wangayu ndinamupeza atauma kale. Ndiye ndinaleka kuyankhula. Anthu a kuno sumawauza chinthu, umangochisiya pamene angachipunthwe.

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti mayeso omaliza achitike, anapita wapansi kumsewu waukulu kukatenga nyuzipepala. Ndinatenga ulusi wofiira umene ndinkalukira masokosi awo, kamtovu ka m'bokosi lawo la mbedza, nyundo, msomali ndi mpando. Ndinakwera kuti ndikhome msomali pamwamba pa nsanamira, koma ndinapeza pali kale wina, wadzimbiri, wobisika pakona pamene munthu sangauone ali pansi. Pamsomalipo panali kachidutswa ka chingwe chowola. Sindinaganizire zambiri. Ndinamangirira ulusi wanga pomwepo, kamtovu kali kunsonga, n'kutsika. Kamtovu kanazungulira pang'ono n'kuima. Pamwamba ulusi unakhudza nsanamira, koma pansi panali mpata wolowa chikhatho changa chonse.

Anabwera ndi nyuzipepala n'kulowa m'shedi. Ndinadikira kumva nyundo ikuponyedwa, koma kunali zii. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, supu inazizira. Potsiriza ndinatenga khofi n'kupita. Ndinawapeza atakhala pa bokosi, nyuzipepala ili m'manja yosatsekula, maso ali pa ulusi.

"Wapachika ndiwe," anatero osatembenuka.

"Ndi mphaka."

Anakweza maso pamwamba pa nsanamira.

"Msomaliwo wakhomanso ndiwe?"

"Ndaupeza pomwepo, ndi kachingwe kake kowola. Kwerani muone nokha."

Anakwera pa mpando n'kukhudza msomaliwo ndi chala, nthawi yaitali. Kenako anatsika, natuluka, nazungulira kupita kukona ija imene mabotolo amathamangirako. Kumeneko kuli zitsamba zoyabwa zofika m'chiuno, zimene palibe anazidulapo chimwalirire apongozi. Anazipondaponda ndi nsapato n'kugona chafufumimba, mutu uli pansi pa shedi. Ndinangoona miyendo.

"Raili. Bwera."

Ndinagwada, mawondo akulira. Pakati pa mwala wa pakona ndi chipika cha pansi pa khoma panali timatabwa topyapyala, tosongoka mbali imodzi, titasanjikizana ngati masamba a buku. Kalikonse kanali ndi chaka chozokotedwa ndi mpeni kumutu kwake. Ka pansi penipeni kanali 1954. Kenako 1957, 1958, 1961, kumakwera choncho, zaka zina kudumpha, mpaka ka pamwamba, 1988. A Vihtori anamwalira mu Febuluwale 1989.

Dothi la kuno aliyense amalidziwa. Chisanu chikalowa pansi limafufuma, chikasungunuka limatitimira, ndipo nyumba imatsatira. Mdala uja ankadziwa bwino lomwe kuti shedi yake imamira. Ankapachika chingwe pamsomali, kukweza kona ndi jeke, kulowetsa kathabwa, kenako n'kuchotsa chingwecho kuti wina asaone. Nsanamira inali yowongoka chifukwa ankaiwongola. Atangopita, inayamba ulendo wake, zaka 35 popanda woibweza.

"Mu Juni," a Aulis anatero, akuyankhula ndi dothi. "Tsiku lodzala mbatatesi. Ankatitumiza tonse kumunda, iwo n'kutsala, ati ndili ndi kantchito m'shedi. Ine ndinkayesa amatsalira kumwa."

"Ankamwanso, musawayeretse. Botolo lawo ndinalipezapo kuseri kwa utoto."

Sanaseke. Anatuluka pansipo n'kukhala tsonga pa zitsamba zoyabwazo ngati sakuzimva, manja ali lende.

"Akanangondiuza," anatero.

Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono, ngati a mwana. Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya, ndipo ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa m'banja muno timapatsana ulemu umenewo. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti bambo awo anaimika mtengo kamodzi n'kuwongoka mpaka kalekale, ndiye iwonso ankaopa kubwereza ntchito kapena kuvomera kuti china chapendama, kuopa kukhala mwana wochepera bambo wake. Chonsecho mdalayo ankakwawa m'zitsamba chaka ndi chaka ngati munthu wina aliyense. Akanakhala moyo apongozi angawo, tsiku limenelo ndikanawalalatira m'khutu lakumva lija.

Masana omwewo anamasula paipi. Lachisanu lonse makina analira m'shedi. Anapala paphewa pa paipi kachitsulo kochepa kwambiri kuti ithe kuzungulira pang'ono kupitirira pamene inaima, n'kuyezanso mkati kuti chipolopolo chikhale monga chiyenera kukhalira. Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, anaima pakhomo la khitchini.

"Raili. Manja."

Ndinagwiranso chisipanala chija. Ulendo uno diso lawo linali pa ulusi wofiira. Titamaliza, popanda ine kunena kanthu, anatenga levulo ya matsire ija n'kuiika kumphuno kwa mfuti, ndipo kadontho kanakhala pakati. Pa moyo wanga wonse sindinagwirepo ntchito yolemera ngati kutseka pakamwa nthawi imeneyo, ndipo ndinapirira mpaka pa chakudya chamadzulo.

Loweruka anatsika m'galimoto mfuti ili kudzanja limodzi, ketulo ili kwinaku, ikuwala ngati yatsopano.

"Azakhali afika!" a Taisto anakuwa. "Taonani ukhondo, anthuni! Aulis, chikhala ndinadziwa kuti umatsuka chonchi ndikanakukwatira ine."

"Yambitsa wotchi."

Ine ndinatembenuka kuyang'ana mitengo. Ndinawerenga kulira kwa mfuti ndi zala m'thumba la jekete. Titapita kukaona, mabowo atatu anali pamtima penipeni. Bowo lachinayi linali pamzere wa kabwalo, chifukwa dzanja la munthu wa zaka 71 amene wadya mochepa sabata zitatu lili ndi ufulu wonjenjemera. A Taisto anavala magalasi, kuwerama, kuvula magalasi, kuweramanso. Anachedwa dala, ndikudziwa.

"Lakhudza mzere," anatero potsiriza. "Wakhoza, mdala. Koma tandiuza, diso lija walichita chiyani?"

"Ndalimangitsa ndi sipanala," a Aulis anayankha. Kenako anawapatsa ketulo m'manja. "Sunga. Chiphaso chako chikutha chaka chamawa."

Amuna anatsokomola onse pamodzi.

Lamulungu, anthu abwino ali kutchalitchi, a Aulis anali pansi pa shedi ndi jeke. Zaka 35 sizibwezedwa ndi kathabwa kamodzi, ndiye anasema chithabwa chonenepa ngati buledi, nazokotapo chaka ndi mpeni wa bambo awo. Shedi inalira, fumbi linagwa, ndipo nsanamira inabwerera pang'onopang'ono mpaka inakhudza ulusi kuyambira pamwamba kufika pansi. Chitseko chimene anachipala zaka zonsezi tsopano chili ndi mpata woti galu adutse.

Atasamba m'manja anachita chinthu chimene sindinachionepo. Anatenga foni n'kuimbira Tuula ku Oulu, mzinda umene amakhala. Masiku onse mwanayo akaimba, iwo amati, "Uli bwino? Nawa amayi ako," basi. Ndinaima kuseri kwa chitseko, mbale ili m'manja.

"Tuula. Ndine. Ayi, palibe wamwalira. Tamvera. Shedi ija imamira. Kona ya kumanja. Inde, chaka chilichonse. Pamwamba pa nsanamira pali msomali, umapachikapo chingwe mu Juni. Agogo ako ankachita choncho, koma sanandiuze. Ine ndinamanga paipi mopendama chifukwa cha zimenezo. Ndinalakwitsa. Ndimafuna udziwe, basi."

Mbale ija inatsala pang'ono kugwa. Zaka 46 ndikudikira mawu amenewo, ndipo akawapereka kwa munthu wina, pa foni.

Pasanathe mphindi foni yanga inalira.

"Amayi, ababa akudwala chiyani? Musandibisire. Ayankhula nane mphindi zinayi zathunthu!"

Ndinamuuza kuti bambo ake ali bwino kuposa kale, iye angobwera mu Juni ndi zovala zimene sangadandaule kukwawa nazo m'zitsamba zoyabwa. Pawindo ndinkawaona a Aulis ataima pabwalo, manja m'chiuno, akuyang'ana mtengo wa mbendera, kenako mizati yoyanikira zovala, kenako kanyumba ka mbalame. Ndinadziwa kuti msana wanga uli ndi ntchito mpaka chisanu chigwe.

Ulusi wanga sanauchotse. Ukadali pamsomali wa a Vihtori, wofiira psuu, pamene aliyense wolowa m'shedi angauone. Nditawafunsa kuti andibwezere ndimalizire kuluka, anati uli pa ntchito. Okutobala ameneyo anapita kunkhalango ndi mfuti yawo, atavala sokosi imodzi yaitali ndi inzake yaifupi.